Kalata yotseguka kwa akuluakulu a mayunivesite pa nkhani ya magiredi ongokwerakwera

Olemekezeka atsogoleri a mayunivesite, mamembala a seneti, akuluakulu a nthambi za maphunziro, komanso inu a mabungwe oyang'anira maphunziro apamwamba,

Ndakulonjerani nonse. Ine ndine mmodzi wa anthu amene amachonga mapepala a mayeso, kenako n'kuona malikisi aja atasanduka mawu osindikizidwa pa satifiketi. Mawuwo amakhala ochepa. Kwina amalemba First Class, kwina Distinction, ku America amalemba cum laude, magna cum laude kapena summa cum laude. Koma mawu ochepawo ndi umboni. Yunivesite imakhala ikuuza munthu amene sanamuonepo mwanayo, kaya ndi wolemba ntchito kaya ndi sukulu ya patsogolo, kuti uyu tamuyesa ndithu ndipo wachita zoposa anzake. Umboni umenewu masiku ano ukuperekedwa mowolowa manja kwambiri moti akunja ayamba kuukayikira. Chimene chandikhalitsa pansi kuti ndilembe n'chakuti nkhaniyi ikabuka, chala chimaloza aphunzitsi akuti ndi ofewa mtima, kapena ophunzira akuti amakonda za bwerera, pomwe zambiri zimene zimakweza magiredi zimagwirizanidwa m'zipinda zanu za misonkhano.

Ku England digiri imagawidwa panayi. Wopeza malikisi 70 kapena kuposa amalandira First, wa pakati pa 60 ndi 69 amalandira 2:1, kenako pamabwera 2:2, n'kumalizira Third. M'chaka cha maphunziro cha 2010-11, omaliza pafupifupi 16 mwa 100 aliwonse ndi amene anapeza First. Pofika 2020-21 anali pafupifupi 38. Bungwe loyang'anira mayunivesite kumeneko, la Office for Students, linayang'ana mmene anawo anakhozera asanalowe yunivesite, maphunziro amene anasankha ndi zina zotero, ndipo linapeza kuti gawo lalikulu la kukweraku lilibe chifukwa chooneka. Ku America, Stuart Rojstaczer ndi Christopher Healy anasonkhanitsa magiredi a makoleji ambirimbiri, ndipo mu 2012 anaonetsa kuti giredi ya A, imene mu 1960 inkapezeka pafupifupi ka 15 pa magiredi 100, inali itafika pa 43, n'kukhala giredi yofala kuposa ina iliyonse. Ku yunivesite ya Harvard, ku America komweko, mu 2001, omaliza 91 mwa 100 aliwonse anatuluka ndi ulemu wapadera pa digiri yawo. Taganizani za mwambo umenewo. Amene anali wachilendo pabwalopo anali wopanda ulemuyo.

Yankho lanu ndimalidziwa, ndipo si lopanda nzeru. Mumati ana a masiku ano amalimbikira, mabuku ali m'manja mwawo usana ndi usiku, aphunzitsi amaphunzitsidwa kaphunzitsidwe, ndipo wophunzira amauzidwiratu zimene wochonga adzayang'ane. Zonsezi n'zoona. Ndingawonjezerenso kuti kudandaula za magiredi si kwa lero, pakuti komiti ina ya ku Harvard komweko inadandaula mu 1894 kuti A ndi B akuperekedwa mosavuta. Akuluakulu a m'badwo uliwonse amaona ngati iwo ndi amene anakhetsa thukuta lenileni. Ndiye sindikunena kuti First aliyense wa lero ndi wabodza. Ambiri ndi oyenera, ndipo ena mwa iwo akanawala m'nyengo iliyonse.

Koma tayang'anani nthawi zimene magiredi amadumpha. Ku America kudumpha koyamba kwakukulu kunachitika m'zaka za m'ma 1960 mpaka kuchiyambi kwa m'ma 1970, pa nthawi ya nkhondo ya ku Vietnam. Mnyamata wochotsedwa sukulu chifukwa cholephera ankatha kuitanidwa ku usilikali, ndipo aphunzitsi ankadziwa kuti cholembera chawo chingatumize mwana wa mwini ku nkhondo. Ku Britain kudumpha kwina kunachitika m'zaka za mliri wa Covid-19, pamene mayunivesite anaika malamulo oti giredi ya wophunzira isatsike chifukwa cha chisokonezo chija. Pa nthawi zonse ziwirizi chifundo chinali m'malo mwake, ndipo sindidzudzula amene anachita chifundo. Koma palibe amene anganene kuti ana anachenjera mwadzidzidzi m'chaka chimene malaibulale anali otseka. Tikuphunzirapo kuti giredi imamvera zinthu zina zosakhala nzeru za wophunzira. Ngati imamvera mantha a nkhondo ndi a mliri, n'chiyani chingailetse kumvera ndalama?

Ndalama imaimveradi. Mu 2012 fizi ya ku England inaloledwa kukwera kufika pa mapaundi 9,000 pa chaka, kuchoka pa pafupifupi 3,000. Munthu wolipira chonchi, kawirikawiri ndi ngongole, sabwera ngati wophunzira chabe. Amabweranso ngati kasitomala, ndipo amadziwa kuti makampani ambiri akuluakulu satsegula n'komwe kalata ya munthu amene sanafike pa 2:1. Nayo mindandanda ina ya m'manyuzipepala yosanja mayunivesite inkawerengera kuchuluka kwa ma First ndi ma 2:1 ngati chizindikiro chakuti sukulu ndi yabwino. Ndiye mkulu wa yunivesite aone kuti anzake a tsidya lina akupereka ma First ambiri ndipo akukwera pa mndandanda, iye azichita chiyani? Salamula aliyense kuti aname. Amangofunsa mofatsa kuti bwanji nthambi yakutiyakuti ikutsalira, ndipo wamkulu wa nthambiyo amamva zimene sizinanenedwe.

Pamenepa ndikutengereni m'chipinda chimene malikisi amavomerezedwa, poti ambiri a inu munasiya kale kulowamo. Aphunzitsi akhala mozungulira tebulo, mndandanda ukuoneka pakhoma, maina abisidwa, pali manambala okha. Tinene kuti wophunzira wina malikisi ake onse akawerengeredwa pamodzi akupereka 68.4. Mwa lamulo lakale ameneyu ndi wa 2:1, ndipo ndi 2:1 yabwino yoti munthu n'kuinyadira. Koma pali lamulo limene seneti inavomereza zaka zingapo zapitazo, loti phunziro limene wophunzira anapeza malikisi otsikitsitsa lisawerengedwe. Likachotsedwa, nambala ija yafika pa 69.1. Palinso lamulo lina loti amene ali pafupi ndi malire akwezedwe ngati theka la maphunziro ake a chaka chomaliza anapeza 70 kapena kuposa. Mlembi awerenga, apeza kuti theka lakwana. Wapampando afunsa ngati pali wotsutsa. Woyesa wochokera ku yunivesite ina, amene anaitanidwa kudzateteza mulingo, waona mapepala ochepa chabe a mayeso ndipo wakhutira ndi kachongedwe kake. Masamu ophatikiza malikisiwo sali m'manja mwake. Agwedeza mutu, ndipo First yabadwa. Zonsezi sizitenga mphindi ziwiri.

M'chipindamo palibe amene wanama, palibenso mphunzitsi amene wawonjezera likisi ngakhale limodzi. Lamulo lililonse palokha limamveka lachilungamo: munthu asaphedwe ndi tsiku limodzi loipa, munthu amene wakula m'maphunziro pa mapeto ayamikiridwe. Koma malamulowa onse amakankhira mbali imodzi. Sindinaonepo lamulo la m'malire lotsitsa munthu wa 70.2. Mukasanjikiza atatu kapena anayi otere, malire a First amene m'buku mwalemba kuti ndi 70 amakhala atatsikira cha pa 68 mwakachetechete, ndipo ophunzira awiri a malikisi ofanana ndendende amatuluka ndi madigiri osiyana chifukwa chakuti mmodzi anaphunzira kumene kuli masamu ofewa. Malamulo amenewa salembedwa ndi mphunzitsi wa m'kalasi. Amadutsa m'makomiti anu, ndipo pamunsi pake pali ma siginecha anu.

Chinanso ndi mafomu amene ophunzira amadzaza pa mapeto a temu poyesa mphunzitsi wawo. Kumva maganizo a ophunzira n'kwabwino. Cholakwika n'kuwasandutsa chingwe chomangirapo kukwezedwa pa ntchito, makamaka kwa aphunzitsi a kontirakiti yaifupi amene sadziwa ngati chaka chamawa adzaitanidwanso. Scott Carrell ndi James West anafufuza nkhaniyi pa sukulu ya asilikali a m'ndege ya ku America, ya United States Air Force Academy, kumene ophunzira sasankha mphunzitsi ndipo onse amalemba mayeso amodzimodzi. Zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 2010, zinaonetsa kuti aphunzitsi amene ana awo ankakhoza bwino phunziro loyamba la masamu ankayamikiridwa kwambiri pa mafomu, koma ana omwewo ankachita mofooka pa maphunziro otsatira. Aphunzitsi amene ankakumba mozama ankalandira chiyamikiro chochepa, chonsecho ana awo ndi amene ankaima bwino kutsogolo. Mphunzitsi wachinyamata safunika kuwerenga kafukufukuyu kuti adziwe zimenezi. Amangoona kuti akapereka C, pakhomo la ofesi yake pamakhala mzere wa odandaula, pamabwera makalata a apilo, iye n'kumalemba malipoti odziteteza mpaka usiku. Akapereka A palibe amene amamufunsa kanthu. Munthu amatopa, mabwana.

Ena amati, nanga vuto lili pati ngati ana onse akusangalala? Ndalama ikatha mphamvu, boma limasindikiza ina ya nambala yaikulu ndipo malonda amapitirira. Koma pamwamba pa A palibenso chilembo china. Onse akaunjikana pamenepo, wakhama ndi wongodutsa amaoneka chimodzimodzi. Ku yunivesite ya Yale ku America, lipoti la mphunzitsi wa komweko, Ray Fair, linaonetsa kuti m'chaka cha 2022-23 magiredi pafupifupi 79 mwa 100 anali A kapena A-. Zikatero wolemba ntchito sasiya kusankha, amangosintha choyang'ana. Amayang'ana dzina la sukulu, amayang'ana amene walemba kalata yoikira umboni, amayang'ana ngati mwanayo anagwirako ntchito yophunzirira ku kampani yotchuka, kawirikawiri yosalipidwa, imene amaikwanitsa ndi okhawo amene kwawo kuli chowasungira. Amayang'ananso kuti mwanayu ndi wa ndani. Wogwa nazo ndi uja amene kwawo ndiye woyamba kuponda pa yunivesite, amene anaphunzira pa sukulu yopanda dzina ndipo alibe womudziwa. Iyeyu chida chake chinali chimodzi: pepala lonena kuti mwa anthu mazana awiri, iye ndi amene anali patsogolo. Mukapereka pepala lomwelo kwa anthu 80, mwamulanda chidacho, ndipo mwatero poganiza kuti mukuchitira ana chifundo.

Pali kuwonongeka kwinanso kumene sikuoneka pa mwambo wovala magauni. Magiredi sakwera mofanana m'nthambi zonse. M'mayunivesite ambiri a ku America, masamu, kemisitiri ndi zachuma zimapereka magiredi otsika poyerekeza ndi maphunziro a zilankhulo ndi zolembalemba. Mwana amene wapeza B pa kemisitiri ndi A pa phunziro lina amaganiza kuti mutu wake si wa sayansi, pomwe mwina pa kemisitiripo ndi pamene anaposa anzake ambiri. Timataya anthu m'njira imeneyi popanda wodziwa.

Mankhwala ayesedwapo, ndipo ndi bwino tiwaone bwinobwino tisanawathamangire. Harvard, itachita manyazi ndi 91 ija, inaika malire oti olandira ulemu asapose 60 mwa 100. Yale imalola 30 okha mwa 100: asanu oyambirira summa, khumi otsatira magna, 15 otsatira cum laude. Malire otere amateteza dzina la ulemuwo, koma ngati magiredi enieniwo akukwerabe, mzere wolekanitsa umakankhidwira pafupi kwambiri ndi 4.0, nambala ya munthu amene wapeza A pa phunziro lililonse, pamene A- mmodzi wa chaka choyamba angamugwetse munthu. Wochenjera amayamba kuzemba phunziro lovuta, kuzemba mphunzitsi wodziwika kuti ndi wouma dzanja, ndipo ulemu umapita kwa wosamala m'malo mwa wolimba mtima. Princeton mu 2004 inanena kuti nthambi iliyonse isapereke ma A oposa 35 mwa 100, koma mu 2014 inalichotsa lamuloli. Ophunzira ankadandaula kuti likuwadanitsa okhaokha ndiponso kuti akupikisana pa ntchito ndi anzawo a masukulu amene sanadzimange chonchi. Ku Wellesley, kumene mu 2004 anaika lamulo loti giredi ya pakatikati m'makalasi oyambirira isapose B+, ofufuza anapeza kuti nthambi zimene zinakhudzidwa zinataya ophunzira ndipo aphunzitsi ake anayamba kuyesedwa motsika pa mafomu aja. Cornell inayesa kuika pa intaneti giredi ya pakatikati ya kalasi iliyonse, ana n'kuyamba kuigwiritsa ntchito posaka makalasi ofewa, mpaka mu 2011 anasiya. Dartmouth yakhala ikulemba giredi ya pakatikati pambali pa giredi ya wophunzira kuyambira mu 1994. Magiredi kumeneko sanasiye kukwera, komabe wowerenga pepalalo amadziwa kuti A ameneyu anapezedwa pakati pa ma A angati.

Sindinatchule zimenezi kuti musambe m'manja n'kumati zinakanika ena. Chimene chikuoneka m'nkhani zonsezi n'chakuti sukulu imodzi ikadziletsa yokha imalangidwa, ndiponso kuti kudula chiwerengero pamwamba popanda kukhudza zimene zikukankha pansi kumangosamutsa vuto. N'chifukwa chake kalatayi ndalembera nonse pamodzi, kuphatikizapo inu a mabungwe oyang'anira, amene muli ndi mphamvu yoti onse asunthe tsiku limodzi.

Ine maganizo anga ndi akuti tasokoneza zinthu ziwiri zosiyana. Giredi ya phunziro iyenera kunena ngati wophunzira wafika pa mulingo wolembedwa, ndipo ngati kalasi yonse yafikadi, onse alandire, popanda kugwetsa wina dala kuti nambala ikwane. Koma ulemu wa pa digiri ndi nkhani ina. Suyenera kutuluka m'makina ophatikiza malikisi a zaka zinayi mpaka pa kadontho. Uyenera kuchokera pa ntchito yooneka, yoti munthu wakunja angaitenge m'manja n'kuiweruza: kafukufuku wa chaka chomaliza, pulojekiti, mayeso ophatikiza zonse zimene munthu waphunzira. Si zachilendo zimenezi. Koleji ya Swarthmore ku America yakhala ikuchita kuyambira mu 1922, pa nthawi ya mtsogoleri wake Frank Aydelotte. Wofuna ulemu kumeneko amayesedwa ndi akatswiri ochokera kunja kwa kolejiyo, molemba komanso mwa pakamwa, ndipo iwowo ndi amene amagamula. Mphunzitsi wa tsiku ndi tsiku amasiya kukhala woweruza n'kukhala mnzake wa wophunzira pokonzekera mlendo amene akubwera. Sangamunyengerere, chifukwa kumunyengerera n'kumupereka. N'zodula, ndikudziwa, ndipo yunivesite ya ophunzira zikwi makumi atatu singachite ndendende ngati koleji yaing'ono. Koma ofuna ulemu wapamwamba sakhala onse, ndipo woyesa wakunja masiku ano angamufunse wophunzira mafunso ali kutali, pa kompyuta.

Ku Britain komiti yotsogozedwa ndi Robert Burgess inanena kale mu 2007 kuti kugawa madigiri m'magulu anayi aja kwatha ntchito, ndipo inapempha kuti wophunzira azipatsidwa chikalata chofotokoza mwatsatanetsatane zimene wachita. Chikalatacho chinayamba kuperekedwa m'masukulu ena, koma magulu aja alipobe, chifukwa wolemba ntchito amene ali ndi makalata mazana pa tebulo amafuna mawu amodzi oti asefere. Popeza mawu amodziwo sachoka msanga, ndi bwino akhale onena zoona.

Tsono pempho langa ndi ili. Lamulo lililonse lophatikiza malikisi lilembedwe poyera m'mawu oti kholo lingamve, ndipo pasakhale kusintha kulikonse mpaka komiti itaonetsa kuti kusinthako kukanachita chiyani pa ophunzira a zaka zitatu zapitazo. Munthu asakwezedwe kawiri, pomuchotsera phunziro lofooka kenako n'kumukankhanso pa malire. Woyesa wakunja apatsidwe mphamvu pa masamuwo, osati pa mapepala okha, ndipo asakhale wosankhidwa ndi nthambi yomwe akukaiyesa, poti tonse tikudziwa mmene anthu amaitanirana ndi kubwezerana ulemu. Pa chikalata cha magiredi palembedwe kuti m'chaka chimenecho, m'nthambi imeneyo, ndi angati analandira ulemu womwewo. Mafomu oyesa aphunzitsi akhalepo, koma asakhale okha pogamula za ntchito ya munthu. Muziyang'ananso mmene ana ake akuchitira pa phunziro lotsatira, ndipo mphunzitsi akapereka giredi yotsika ali ndi zifukwa zolembedwa, wamkulu wa nthambi aime naye m'malo momuitanira pambali kuti aganizenso.

Ndipo choyambira sichifuna ndalama. Pa msonkhano wa seneti ukubwerawu, pemphani a kaundula abweretse pepala limodzi loonetsa chiwerengero cha olandira ulemu wapamwamba chaka ndi chaka kwa zaka khumi zapitazi, nthambi iliyonse payokha, ndipo pambali pa chaka chilichonse alembe malamulo a kaphatikizidwe ka malikisi amene anasinthidwa m'chakacho. Mukaliwerenga, liikeni poyera kuti ophunzira, makolo ndi olemba ntchito aliwerengenso.

Ine wanu pa ntchito ya maphunziro,

Mphunzitsi wa pa yunivesite